Munda wa ku Tsabango uja munandisiyira

Ababa, lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni. Dzulo ndimakolola munda wa ku Tsabango uja, ndipo chimanga chonse chinakwana pa kabaza mmodzi. Ndakumbuka tsiku limene munakandionetsa malire. Munawerama n'kutapa dothi, linali lotuwa ngati phulusa, ndipo ndinafunsa chifukwa chake m'dothimo munalibe ngakhale nyongolotsi. Munasasa m'manja n'kunena kuti, "Nthakayi ndi yabwino, Esinati. Ndakhala ndikuthiramo feteleza kuyambira usanabadwe, iwenso uzingothira." Ndinakukhulupirirani. Chaka chilichonse ndimawonjezera feteleza, koma chimanga chimangonyozoloka, ndipo mvula ikagwa madzi amangodutsa pamwamba.

Mwezi watha Amayi anandiululira kuti munkadziwa kuti mundawo unaguga kalekale. Munda wa kumudzi uja, umene munkathira manyowa a ng'ombe, munapatsa achimwene a Yohane. Akuti munati ine ndili ndi geni ku Area 23, sindingagone ndi njala. Mukanangondiuza zoona ndikanamvetsa, Ababa. Panopa ndayamba kukwirira mapesi ndi kuthira manyowa, mwina nthakayo idzachira. Ndimakusowani, koma chaka chino mawu oti muuse mumtendere akukanika kutuluka pakamwa panga.