Ubongo wa Atate ndi Duku la Amayi

Atate ankaimba besi m'kwaya ya mpingo wathu ku Madzimoyo. Ndikati ankaimba, ndikungowapatsa ulemu. Chimwalirire amayi, kwaya ikalowera ku Chipata, iwo ankalowera ku Chipangali, ndi mawu onse, chifuwa chili patsogolo ngati palibe chachitika.

Tsiku lina azimayi a m'kwaya anandipeza pashopu yanga m'tauni. "Mpikisano wa makwaya wayandikira," anatero wamkulu wawo. "Muwauze aphunzitsi apume."

Ha! Ine? Kukauza munthu amene anaphunzitsa theka la kwayayo kuwerenga kuti atseke pakamwa? Komanso kwaya yokhayo ndiyo inkawatulutsa m'nyumba. Ndinkadziwa kuti ndikawachotsamo, adzakhala pampando mpaka tidzawanyamule.

Ndidakali kuzengereza, atate anagwa panjinga pozemba mbuzi, n'kumenyetsa mutu pamwala. Kuchipatala anati awajambule ubongo. Atamva zojambulidwa anapempha chipeso, n'kukana kwamtuwagalu kuvula tayi. "Chithunzi ndi chithunzi," anatero. Anesi anachita kuwanyengerera kuti agone pakabedi kolowa m'chimakina cha pakamwa pozungulira.

Adokotala, munthu wanthabwala ndithu, anationetsa zithunzizo pakompyuta. Zinkaoneka ngati kabichi wodula pakati. Anati mulibe magazi otayikira, ndi chotupa chapakhungu basi. Ndinathokoza Mulungu, kenaka nzeru yoipa inandibwerera. Adokotala akanena kuti mutu suli bwino, ndiye kuti owaletsa kuimba ndi achipatala, osati ine.

"Adokotala," ndinanong'ona, "kodi m'mutu muli malo amene amauza munthu kuti apa walakwitsa?"

"Alipo," anayankha akuloza chapakati, kuseri kwa chipumi. "Ofufuza ali ndi makina ena oonera ubongo uli pantchito. Munthu akaphonya, malo awa amadzidzimuka iye asanazindikire n'komwe. Makina athuwa amangoonetsa maonekedwe ake, koma apa ndikuona kuti zonse zili m'malo."

"Taonaninso bwino. Mwina panamera udzu."

"Iwe, ndikumva," anatero atate ali pampando. Adokotala anaseka mpaka kupukuta misozi.

Pobwerera tinakwera minibasi. Titadutsa mashopu omaliza a m'tauni, atate anayamba okha, maso ali pawindo.

"Akutuma azimayi aja eti?"

"Inde, atate."

"Ukuganiza kuti sindimva? Ndimamva, mwana wanga. Ndikangophonya, kuno kumachita kuti thi!" Anagwira pachipumi, pomwe analoza adokotala paja. "Koma kumva kuti wasochera n'kwina, kudziwa kobwerera n'kwina. Amako ankaima kutsogolo kwanga. Ndikatsika kwambiri, ankagwira duku pamwamba. Ndikakwera, ankalikoka kumbuyo. Zaka zonse zija anthu ankati ndine katswiri, koma ndinkangowerenga duku. Tsopano ndimayang'ana pamalo paja, ndimapeza mutu wa munthu wina."

Ndinalira m'minibasi, ine amene sindilira pagulu. Kondakitala anandifunsa ngati wandiponda phazi.

Loweruka lake ndinapita kophunzira nyimbo nditavala duku la amayi lobiriwira. Azimayi aja anasekerera poona kuti ndabwera, ankayesa ndabweretsa uthenga wabwino. Ndinawauza kuti aphunzitsi sakupuma, ndipo ine ndalowa kwaya, ndipo malo anga ndi awa, kutsogolo kwa besi. Wina anati malowo ali ndi mwini wake. Ndinamuyang'ana kamodzi kokha, anasuntha.

Kunena zoona, mawu anga ndi oitanira makasitomala, osati oimbira. Ndinkangoyendetsa milomo. Koma khutu ndinatengera amayi. Nyimbo itayamba, atate anatsika, ine dzanja pamwamba. Anakwera mopitirira, ine kukoka kumbuyo. Pamwamba, kumbuyo, pamwamba, ngati ndili ndi nsabwe. Pofika ndime yachitatu duku linamasuka n'kugwa, tsitsi langa losapesa lili poyera, kwaya yonse kufa nazo kuseka.

Atate okha sanaseke. Anawerama, analitola, analikung'untha fumbi bwinobwino n'kundipatsa.

"Amako ankamanga mfundo ziwiri," anatero. "Tiyeni tiyambirenso."