Mjigo umene ndinaudzutsa ndi pakamwa

Ine ndine mlatho wolumikiza Thyolo ndi maiko a kutsidya kwa nyanja. Kunena zoona, anangondisankha kumasulira kutchalitchi chifukwa ndinalawako koleji, fizi isanandibweze kumudzi.

Alendo a mpingo wakunja amene anatikumbira mjigo atabwera kudzationa, akulu ampingo anandinong'oneza kuti, "Achimwene, zodandaula ayi, angakhumudwe."

Ndiye anaimirira Mayi Namakhwa, otchola tiyi kuesiteti, msana utapindika ndi dengu. "Mwananga, uwauze kuti mjigo uja unafa kalekale. Tikutunga kukhwawa, ndipo miyendo yangayi yatha."

Ndinakonza tayi, ndinayang'ana akulu aja, n'kunena m'Chingerezi chosalala kuti mayiwa akuthokoza chifukwa cha madzi abwino. Azungu anawomba m'manja. Mayi Namakhwa anamwetulira poganiza kuti amveka, ndipo potuluka anandipatsa moni ndi manja awiri.

Mpaka lero akandiona amatula chigubu pansi.

"Mwananga, ayankha?"

"Ku Ulaya n'kutali, mayi."

"Tidikira."

Dzulo ndinawaonera patali akukwera chitunda cha kukhwawa, akupumira m'njira. Sindinapite kukawalandira chigubu. Ndinaimitsa wakabaza kuti andizungulitse njira yakumsika. Anandilipiritsa K500.