Dontho la magazi anga pagalasi

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene mlongo wanga Yohane anamwalira ndi matenda a magazi otchedwa siko selo. Makolo athu anali atatisiya kale, choncho m'kanyumba kathu ku Mtendere tinatsala awiri, ine ndi ambuya, agogo anga obala amayi, amene ankagulitsa makala m'mphepete mwa msewu.

Maliro atatha, nesi wa kukiliniki anapempha kuti ndikapimidwe magazi. Anati mwina ndili ndi mbewu ya matendawo, ndipo ndikadzakwatiwa ndi mwamuna amene nayenso ali nayo, ana athu angadzavutike ngati Yohane. Zaka zimenezo munthu akaoneka ndi kathonje pamkono, pofika madzulo komboni yonse inkati ali ndi Edzi. Ine mwana wamasiye, m'nyumba zina ankandipatsa kale kapu yangayanga.

Kumpopi, bana Chanda, mayi oyandikana nafe, anatsitsa mawu. "Ambuya, musayese. Vinthu va mumagazi ni vobisa. Nanga nindani azamukwatila?"

"Za Yohane uja sitinadziwe," anatero ambuya, "ndipo tamuika."

Tsiku lopita kukiliniki, ambuya ndi amene anayamba kukhala pampando, n'kutambasula mkono wawo wakuda ndi makala. "Yambani ine. Ofuna kunena anene nkhalamba."

Tinadikira nthawi ndithu. Kenako bambo wopima magazi, ataona kuti ndikungomuyang'anitsitsa, anandikodola kuti ndisuzumire m'makina ake okulitsa zinthu. M'kadontho kamodzi ka magazi anga pagalasi munali khamu la timbale tofiirira, tosawerengeka, ndipo tina tinali titapindika ngati mwezi wongooneka kumene. Zonsezo zinali mwa ine chibadwire, zili chete, ine osadziwa. Pagalasi la ambuya panalinso timiyezi tomweto. Ndinaganiza za amayi, amene nkhope yawo ndinali nditayamba kuiwala. Anadutsa pakati pa magalasi awiriwo: timiyezito tinadzera mwa iwo kuchoka kwa ambuya kufika kwa ine.

Tonse tinali ndi mbewuyo, koma osati matendawo. Ambuya anagulitsa makala tsiku lonse kathonje kali pamkono, ndipo makasitomala ena sanabwerenso.

Mnyamata woyamba amene ndinamuuza za mbewuyo nditakula anasowa osatsanzika, ndiye bana Chanda sananame. Koma lero ndikumvetsa zimene ambuya anayeza: miseche munthu amaisenza n'kufika nayo kunyumba, pamene bokosi la mwana ukalisenza umabwerako manja ali lende.