Botolo Lomaliza la Mabotolo

M'timu ya akazi opikisana pa njinga ija, aliyense ankangomutcha Mabotolo. Kwa zaka zisanu ndi zinayi ntchito yake inali yomweyo: kubwerera ku galimoto ya timu mpikisano uli mkati, kulonga mabotolo a madzi m'malaya mpaka msana kutupa, kenako kupitikitsa anzake n'kuwagawira. Akatha apo, ankapalasa kutsogolo kwa kaputeni kumutchingira mphepo. Kaputeni akamakweza chikho, iye n'kuti akufika wa nambala sikisite, mano onse ali pamtunda ngati wapambana ndi iyeyo.

Amayi ake, telala wosasunga mawu m'kamwa, zimenezi sizinkawalowa m'mutu.

"Mwana iwe, kuzungulira dziko lonse lapansi kukatungira anzako madzi? Mpopitu ulipo pakhomo pano!"

Pa mpikisano womaliza wa Mabotolo asanapume pa ntchitoyi, amayi anakwera ndege koyamba, atavala diresi ya mtundu wa timu yosoka okha. Mabotolo ankalakalaka chimodzi basi: amayi amuone ali kutsogolo, ngakhale kamodzi kokha.

Kutatsala makilomita asanu, iye ndi kaputeni ali m'kagulu kotsogola, miyendo ya kaputeni inakana. Kawailesi ka m'khutu kanalira, mphunzitsi wa timu akukuwa: "Mabotolo, pita! Lero ndi lako!"

"Ndipite kuti, bwana? Nanga akaputeni?"

"Achemwali, tapalasani!" anakalipa kaputeni mwiniwake, akupuma mwawefuwefu.

Anapalasa mtsikana, tcheni mpaka kulira. Koma chizolowezi n'chovuta, abale. Ankangocheukacheuka kufuna woti amutchingire mphepo. Odziwa kupambana amataya katundu yense, nakweza manja pofika pamzere. Iye zimenezo akanaphunzira liti? Anadutsa woyamba manja atakangamira pahandulo, kukamwa kuli yasa, botolo limodzi likadali m'malaya ngati linunda.

Amayi anali atakuwa mpaka mawu kusasa. Nsapato imodzi inali itasowa kalekale. Anakwawira pansi pa chingwe chotchingira anthu, mlonda akuwathamangira.

"Ndisiyeni! Ndi wanga uyu! Ndinabereka ndine!"

Pomukumbatira, dzanja lawo linagunda chotupa chija.

"Nanga ichi n'chiyaninso?" ananong'ona, poti mawu analibenso.

Mabotolo anapisa dzanja kumsana, natulutsa botolo lija, nalitsegula ndi mano monga ankachitira masiku onse.

"Imwani, amayi. Awa ndatungira inu."

Amayi anamwa onse, akuseka, misozi ili mbwembwembwe. Za mpopi sanazitchulenso.