Nyimbo ya ku Brazil pakhonde la amayi

Ndaphunzitsa mbiri yakale payunivesite ina yakunja kwa zaka zambiri. Ntchito yanga inali kulondola nyimbo za anthu amene makolo awo anatengedwa ukapolo kugombe la Mozambique. Ku Brazil mayi wina wokalamba anandiimbira nyimbo imene iye mwini sankadziwa tanthauzo lake. Anati agogo ake ankaimba choncho, basi. Ine ndinamvamo Chilomwe chophwanyikaphwanyika, koma Chilomwe changa n'chamumsika, chenicheni ndinachitaya kusukulu yogonera konko. Anzanga akuntchito ankandiseka kuti makutu anga akumva zimene mtima ukufuna. Buku langa lonse linatsamira pa nyimboyo, ndipo ndinkafuna munthu mmodzi yekha woti anene kuti akuidziwa.

Ndinabwera nayo kwathu ku Thyolo m'foni. Amayi anathyola tiyi pa esiteti mpaka msana unapindika, ndipo nthawi imeneyo n'kuti ali gone m'nyumba, atangotuluka kuchipatala. Ankawadwazika ndi amayi aang'ono, munthu wolusa pakamwa amene ankanditcha apulofesa akafuna kundinyoza.

Unali m'mawa wa chiperoni. Kutsidya minda ya tiyi sinkaoneka, ankangooneka madengu akuyenda m'nkhungu ngati alibe eni ake. Ndinakhala pakhonde, n'kuika foni pampando, n'kutsegula nyimbo ija. Mzere woyamba usanathe amayi aang'ono anagwetsa tsache.

"Zimitsa! Iwe, wapenga? Muli odwala m'nyumba muno!"

Ndinene zoona: mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Aidziwa! Sindinazimitse. M'malo mwake ndinawafunsa kuti ndi nyimbo yanji.

Anandiyankha monong'ona, maso ali kuchitseko. Imaimbidwa maliro akamatuluka m'nyumba. Woyambitsa amaimba m'malo mwa womwalirayo, kufunsa njira, ndipo otsala amavomera pomulozera kolowera. Popanda mtembo siimbidwa, chifukwa ikayamba imafuna mwini wake. Iwo anaimva komaliza ali mtsikana, anthu asanayambe kuperekeza maliro ndi nyimbo zakutchalitchi zokhazokha.

Mayi wa ku Brazil uja ankakhala chete akatha mzere uliwonse. Ine ndinkayesa kuti ndi kapumidwe kake, mpaka ndinalemba masamba atatu ofotokoza za kupumako. Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti ankadikira omuyankha.

Ndisanatambasule dzanja kuti ndizimitse, m'nyumba munatuluka mawu. Amayi, amene anatha masiku atatu akungotiyankha ndi mutu, anali kuvomera. Mawu awo anali aang'ono koma osanjenjemera, ndipo ankagwera ndendende m'malo opumira aja, osapitirira, osaperewera. Amayi aang'ono anakhala pansi pamatope n'kugwira mutu. Amayi ndi mayi wa m'foni uja, anthu amene sanaonanepo, anaimba mpaka nyimbo inatha.

Ndinalowa n'kugwada pambali pa mphasa.

"Amayi, mwayankhiranji?"

"Munthu azifunsa njira zaka zonsezi, ife tili duu?" anatero. "Ndi wathu ameneyo. Ndimuperekeza ndine."

Anamwalira Loweruka la sabata yomweyo. Kuchipatala anali atatiuza kale kuti mtima wawo watopa. Ndine munthu wopita kusukulu, zimenezo ndimazidziwa, ndipo ndimadziuza kawirikawiri. Amayi aang'ono sanandinenepo kanthu, koma dzina la apulofesa analisiyira pomwepo, ndipo ndimalisowa.

Umboni ndinaupeza, koma sindinajambule kalikonse. Buku linatuluka lopanda mutu umenewo, ndipo anzanga aja amayesa kuti ndinagonja. Nyimbo ikadali m'foni. Mawu ovomerera ndinawagwira tsiku lomwelo nditangowamva kamodzi, ndipo ndi Chilomwe chokhacho chimene ndimachidziwa bwino. Ndinaitsegulanso kamodzi kokha, masana, ndili ndekha muofesi. Mayi uja atakhala chete, ndinamva pakamwa panga pakutseguka pokha.