Feteleza wa M'chikwama

Chaka changa chachiwiri ku Barking, kuno kudziko la azungu, ndinapeza ganyu ya Loweruka pa famu ina kumalire a mzinda, kumene basi imathera. Eni ake anali mayi wachizungu wamasiye, wouma ngati phesi, wosaseka wamba koma wamtima wabwino. Tsiku loyamba lomwe anandiuza kuti m'munda mwawo simulowa feteleza kapena mankhwala. Boma linkawapatsa ndalama chaka ndi chaka chifukwa cholima ndi manyowa okha, ndipo popanda ndalamazo famuyo sikanaima. Ndinagwedeza mutu, koma mumtima ndinaseka. Kwathu anthu akugona pamzere kulimbirana makuponi a feteleza, kuno boma likulipira munthu kuti asathire!

Chimanga chawo chitafika m'mawondo chinayamba chikasu. Chikasu chimenecho ndimachidziwa ine. Ndi chomwe chinali m'munda mwa mayi anga ku Dedza chaka cha njala chija, pamene ndinkagwira ntchito m'tauni n'kumati thumba la feteleza nditumiza mwezi ukatha. Mwezi unatha, winanso unatha. Tinawaika m'manda chimanga chisanabereke. Tsono ndikamapalira m'munda wa mzungu uja ndinkamva khasu lachiwiri likugunda mzere wa kumbuyo kwanga. Ndinkaopa kucheuka.

Loweruka lina ndinagula feteleza kusitolo ya zamaluwa n'kumubisa m'chikwama. Mayi aja atapita kumsika ndi masamba, ndinasongola kamtengo. Ndinkaboola pambali pa phando, kuthira ndi chitsekero cha botolo, n'kukwirira ndi chidendene, monga tinkachitira kwathu. Mizere khumi ndi iwiri. Tsiku limenelo khasu lija sindinalimve, ndipo ndinakwera basi ndikuimba nyimbo ya kutchalitchi.

Patatha milungu itatu mizere yanga inali biriwiri pakati pa munda wotuwa, moti ngakhale wodutsa pamsewu akanaloza. Ndinawapeza mayi aja atagwada, akufukula pa tsinde ndi zala.

"Wathira chiyani apa?" anandifunsa.

Ndinawauza, monyada ndithu, ndikudikira zikomo. Iwo anangokhala pansi pomwepo, padothi, manja pamawondo.

"Mayi, tingokhala chete basi," ndinatero. "Adziwe ndani?"

"Ndadziwa ine," anayankha.

Lolemba anaimba okha foni kwa oyendera minda. Munda umenewo unachotsedwa m'kaundula wa olima ndi manyowa, ndipo anauzidwa kuti papita zaka usanabwereremo. Ndalama za boma za mundawo zinaima, sitolo yomwe inkawagula chimanga nayo inabwerera m'mbuyo. Sanandikalipire ngakhale kamodzi, ndipo chimenecho ndi chomwe chimandipweteka. Akanandilalatira bwenzi nditapeza polirira. Anangondiuza mofatsa kuti sangathenso kulemba waganyu, n'kundiperekeza mpaka pageti.

Chaka chotsatira ndinalimba mtima ndinakwera basi ija kuti ndikapepese bwinobwino. Pageti panali loko, m'munda mukudya mahatchi a anthu ena. Bambo wa nyumba yoyandikana anandiuza kuti famu inagulitsidwa, ndipo mayi aja, omwe anakwatiwira pamalopo ali mtsikana, anasamukira kwa mwana wawo ku Lewisham, m'nyumba yosanja yopanda ndi bwalo lomwe. Anandilembera adiresi papepala la fodya.

Pepalalo lili m'Baibulo mwanga mpaka lero. Sitima ya ku Lewisham ndakwerapo kangapo, kawiri ndinafika pamsewu wawo weniweni, koma belu sindinalize.