Udzudzu umene unakana kufa ku Chisenga

Anthu akandifunsa ntchito imene ndinkagwira ku Chitipa, ndimawayankha kuti ndinkaweta udzudzu, ndipo amaseka poganiza kuti ndikucheza. Komatu ndi zoona. Kuseri kwa ofesi yathu kunali kachipinda komwe tinkasungamo udzudzu m'timabokosi ta neti. Mphutsi zake tinkakatunga ndi chipande m'zithaphwi za m'mbali mwa mtsinje wa Lufita, n'kumazisamala ngati ana akhanda mpaka zitamera mapiko. Tinkaumwetsa madzi a shuga onyika pathonje. Masiku ena shuga wa kunyumba kwanga ankathera kwa udzudzu, ine tiyi n'kumwa wosatsira.

Kwathu ndi ku Zomba. Ndinakulira m'nyumba za simenti za aphunzitsi, chifukwa bambo anga anali ogwira choko. Atanditumiza ku Chitipa kukayang'anira gulu lopopera mankhwala a udzudzu m'nyumba za anthu, anzanga anandilira ngati ndikupita kundende. Sankadziwa kuti akulirira munthu wopita kukasangalala. Ntchito ija ndinaikonda ndi mtima wanga wonse. Tinkanyamuka m'mamawa mphepo ya ku Chitipa ikutimenya ndi fumbi m'maso, anyamata atavala maovololo ndi majombo, mapampu akugundana kumbuyo kwa galimoto. Tikafika m'mudzi tinkapeza katundu yense ali pabwalo mbwee: mphasa, mapoto, matumba a chimanga, wailesi, ngakhale nkhuku yofungatira ili m'dengu lake ikutiyang'ana mokwiya. Kunkakhala ngati mudzi wonse ukusamuka, koma aliyense akuseka. Ndipo mvula ikagwa, n'kumva anamwino akunena kuti ana a malungo ochokera kumene tinapopera achepa, ndinkayenda ngati ndakwezedwa pantchito.

Koma ndivomere pompano kuti ndine munthu wamtima wapachala. Pakamwa panga pamafika mutu usananyamuke.

M'gulu langa munali bambo wina wachikulire wa ku Chisenga, mkulu wa mpingo kwawoko. Tonse tinkangowaitana kuti adada, monga Atumbuka amaitanira munthu wamkulu. Kupopera kuli ndi liwiro lake. Ukathamanga khoma silikhuta mankhwala, ukachedwa mankhwala amayenderera n'kutayikira pansi. Anyamata ankawerenga manambala mumtima kuti asaphonye. Adada ankang'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi mkati mwa chophimba kukamwa, mkono n'kumatsika pamodzi ndi nyimboyo. Nthawi zonse ankamaliza pambuyo pa aliyense, ndipo ife tili m'galimoto tinkawakuwira kuti, “Adada, mwafika vesi lachingati?” Iwo ankangokweza dzanja n'kupitiriza.

Tikamaliza kupopera, pakapita milungu ingapo tinkabwerera kukayesa ngati mankhwala akugwira. Apa m'pamene udzudzu wanga woweta unkagwira ntchito yake. Tinkamata kakapu kapulasitiki pakhoma, n'kulowetsamo udzudzu pang'ono ndi kapaipi, n'kuusiya utere pakhomapo kwa theka la ola. Kenako tinkautulutsa, kuusunga, n'kuuona mawa lake. Ukafa, ndiye kuti wopopera anagwira ntchito yabwino. Ukakhala moyo, mafunso ankapita kwa iye, chifukwa si chinsinsi kuti ena amasungunula mankhwala ndi madzi ambiri, otsalawo n'kukagulitsa kwa alimi a tomato. Wogwidwa ankachotsedwa ntchito pomwepo.

M'midzi ya pafupi ndi boma tinkangofika osauza munthu. Koma ku Chisenga n'kutali, ndipo sindinafune kukapeza zitseko zotseka anthu ali kumunda. Choncho ndinatumiza uthenga kudzera kwa wazaumoyo wa kumeneko kuti tsiku lakuti kudzabwera alendo ochokera ku boma kudzaona makoma. Mudzi umene ndinkakayesawo anapopera ndi adada, ngakhale kuti sunali mudzi wawo weniweni, ndipo lamulo silinkalola wopopera kukhalapo poyesa nyumba zake.

Ulendo umenewo ndinasangalala nawo. Tinalandiridwa ndi “monire, monire” kuchokera kumsewu mpaka pakhomo. Nyumba zinali zokongola zedi, makoma a dothi osalala see, m'munsi atazunguliza mzere wakuda, m'mwamba mofiira. Ndinayamikira amayi onse, n'kumawauza kuti ku Zomba kulibe aukhondo otere. Anandipatsa nthochi ndi mbatata mpaka dalaivala anadandaula za matayala.

Mawa lake ndinalowa m'kachipinda kaja kukaona zotsatira. Udzudzu wonse wa ku Chisenga unali moyo, ukuuluka, wina uli phee pathonje ukumwa shuga wanga. Wochokera kumakoma a anyamata aja unali utafa kale.

Lamulo linkati zotsatira zikaipa, uyesenso kachiwiri usanaloze munthu chala. Ndinkalidziwa bwino lamulolo, ndi ine ndinkaphunzitsa ena. Koma tsikulo gulu lonse linali pabwalo la ofesi likutsuka mapampu, ndipo mtima unandikwera. Ndinatuluka ndi kapu ya udzudzu m'manja n'kukaima pamaso pa adada.

“Adada, taonani ana anu awa. Anenepa ndi madzi amene munapopera. Mankhwala munakasiya m'dimba la ndani?”

Adada anaimirira, anavula chipewa, n'kunena m'Chichewa chawo chija chopendekera ku Chitumbuka kuti, “Amama, ine ndinapopera umo munatisambizgira,” kutanthauza kuti monga ndinawaphunzitsira.

“Ndiye udzudzuwu ukunama? Siyani pampuyo pompo. Muzipita kwanu mpaka ndidzakuitaneni.”

Anamaliza kaye kutsuka pampuyo, anaipachika mozondotsa kuti idonthe, kenako anapita. Zimenezo zinandikwiyitsa kwambiri, chifukwa ndinkafuna andiyankhe kuti ndipitirize kukalipa.

Kalata yowachotsa ntchito ndinailemba, inangotsala kusainidwa ndikayesa kachiwiri. Ndinatumizanso uthenga ku Chisenga kuti alendo a ku boma abweranso Lachisanu. Koma Lachinayi m'mawa dalaivala anandiuza kuti mawa galimoto ikupita ndi a katemera, ngati ndikufuna Chisenga ndi lero lomwe. Foni ya wazaumoyo uja sinkapezeka. Tinangonyamula udzudzu n'kunyamuka.

Titafika, panalibe wotilandira kumsewu. Katundu anali panja ngati tsiku lopopera, ndipo pakhomo lililonse panali beseni la dothi lokanda. Ndinaodira panyumba yoyamba, ndipo munatuluka mayi wina wamtali, manja ali matope mpaka m'zigongono, chitenje atachikwinyira m'maondo. Atandiona anagwira pakamwa n'kudzipaka dothi pachibwano.

“A-a, amama, mwabwera lero? Munati Lachisanu. Mwatichititsa soni, sitinamalize.”

Ndinasuzumira m'nyumbamo. Khoma limodzi linali lonyowa, lozira kumene kuchokera pansi mpaka pamene mkono umafika munthu ataima pampando. Ndinafunsa kuti akuchita chiyani.

“Tikuzira. Alendo a boma angadzaone makoma akuda? Komanso mankhwala anu aja anasiya mizere yotuwa, ngati nyumba yodontha.”

“Nanga ulendo woyamba uja?”

“Tinazira tonse, masiku awiri athunthu. Dothi lofiiralo tinakatenga kutali, kuphiri. Si inu nomwe munatiyamikira?”

Ndinakhala pansi pa thumba la chimanga. Mankhwala onse a adada anali atakwiriridwa ndi dothi latsopano, ndipo amene anaitanitsa dothilo ndinali ine ndi uthenga wanga wa alendo odzaona makoma. Ndinafunsa ngati sanauzidwe kuti khoma lopopera silizirika kwa miyezi ingapo. Mayiyo anaseka n'kuitana anzake kuti adzamve. Iwo anati zimenezo mwina tinauza azibambo. Ndipo zinalidi choncho. Tsiku lopopera, malangizo tinkapereka kwa eni nyumba atakhala pamipando pansi pa mtengo, akugwedeza mitu, pomwe amayi anali kalikiliki kutulutsa katundu. Kuzira ndi ntchito ya amayi. Mayi wina wamfupi ananena kuti mwamuna wake angathe kugona chaka chonse m'nyumba osadziwa kuti khoma lasintha mtundu.

Ndinafunsa ngati panali nyumba ngakhale imodzi imene sanaikhudze. Anayang'anana, kenako wamtali uja anavomera monyinyirika. Kumapeto kwa mudzi kunali ya amalume ake, bambo wamasiye wokhala yekha, wosalola munthu kugwira chilichonse chake. Ulendo woyamba anatilambalalitsa dala kuti tisaione.

Sindinaonepo nyumba yonyansa imene ndinaikonda ngati imeneyo. Makoma anali akuda ndi utsi, akangaude ali lendelende, koma mizere yotuwa ya mankhwala inkaoneka yolunjika bwino kuchokera kudenga mpaka pansi, uliwonse utakwera pang'ono pa unzake monga timaphunzitsira. Ndinamata kakapu kanga n'kulowetsamo udzudzu. Amayi aja anadzaza pakhomo ndi manja awo amatope, ena akusuzumira pawindo, mwini nyumba akung'ung'udza kuti akumutsekera mpweya. Tinadikira. Woyamba unagwa chagada, miyendo m'mwamba, ndipo mayi wamfupi uja anaimba nthungululu. Unagwa wachiwiri, wachitatu, ndipo uliwonse unkalandira nthungululu yake. Amalume aja anayamba kuyenda modzitukumula pabwalo, akuuza aliyense kuti iwo anadziwa kale kuti kuzira n'kutaya nthawi. Ndinaseka mpaka misozi, koma misozi ina sinali ya kuseka.

Lamulo linkati ndidikire mawa kuti nditsimikize, ndipo mawa lakelo ndinapezadi wonse utauma. Koma kwa adada sindikanadikira. Ndinauza dalaivala kuti tipite kwawo madzulo omwewo.

Tinapeza akazi awo akupeta nyemba pakhonde. Anandipatsa mpando, koma moni wawo unali wouma. Anandiuza mosabisa kuti nkhani ya kuba mankhwala inafika kumudzi adada asanatsike n'komwe pa njinga, ndipo masabata awiri tsopano sanakhale pampando wa akulu a mpingo. Palibe anawachotsa. Iwo okha anakakhala kumbuyo, pabenchi la ochedwa, ponena kuti munthu woganiziridwa kuba sangagawe mgonero.

Adada atatuluka, mpando uja ndinausiya n'kugwada pansi. Ndinafotokoza zonse, za uthenga wanga, za mabeseni a dothi, za nyumba ya amalume aja. Ndinati, “Adada, ndinakulakwirani pagulu. Phepani chomene.”

Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Anaseka mpaka kutsokomola, akubwereza kuti, “Anazira. Ndithu anazira.” Atapuma anandifunsa kuti, “Ndiye kuti m'nyumba zija mulibe mankhwala tsopano? Muli ana m'menemo, amama, ndipo mvula yayandikira. Pampu yanga ilipo?” Ndinawauza kuti ili pomwe anaipachika, ndipo dothi likauma tidzapoperanso, koma ulendo uno ndidzayamba ndakhala pansi ndi amayi.

Akazi awo sanaseke nawo. Anapitiriza kupeta, maso ali palichero, n'kunena kuti, “Kupepesa kwa pakhonde pano amva ndi ine ndi nkhuku. Zoti ndi akuba zinamveka kutchalitchi.”

Lamulungu ndinakwera njinga yamoto ya kabaza mpaka ku Chisenga, ndipo ndinafika ndili fumbi lokhalokha. Nthawi ya zolengeza ndinapempha mwayi. Ndinali nditaloweza mawu anga m'Chitumbuka kuyambira Lachinayi lija, koma nditaima kutsogolo anabalalika, ndipo ndinkangosakaniza ndi Chichewa, anthu akundikonza mokweza kuchokera m'mabenchi. Nditafika pa za kuzira, mbali ya amayi inaphulika ndi phwete, azibambo n'kumayang'ana kudenga. Kenako ndinanena chimene ndinabwerera: kuti bambo amenewa sanabe kanthu, kuti m'gulu langa lonse mulibe wopopera bwino kuposa iwo, ndipo kuti wolakwa ndinali ine ndi pakamwa panga.

Mkulu wina wa mpingo, wa imvi mutu wonse, anachotsa Baibulo lake pampando wopanda munthu umene unali pambali pake, n'kuyang'ana kumbuyo. Adada anaimirira, anakonza jekete, n'kuyamba kuyenda pakati pa mabenchi mosafulumira, anthu akuwagwira dzanja mbali zonse. Ine ndinatsika kutsogoloko osadziwa kokhala, chifukwa malo anga aja anali atatengedwa. Ndili chiimire choncho ndinamva wina akundikoka chitenje. Anali akazi a adada. Sanandiyang'ane, anangosendera pang'ono pabenchi n'kumenya ndi dzanja pamalo pamene anandisiyira.